Nkhanga Zanga Zinapsera m'Balani

Kumudzi kuno nkhanga ikalira, anthu sayang'ana kutchire. Amayang'ana ine. Ngakhale ana amene anabadwa nkhaniyi itatha kale amati akandiona, n'kumatsinana. Ndiye ndati ndiifotokoze ndekha, chifukwa akamaifotokoza ena amathirako mchere wambiri.

Nthawi imeneyo matipate anali atangofika kumene, aliyense akuyenda chifuwa patsogolo kuti ali ndi ufulu. Ufulu wanga ine unali wochepa, ndinali mkamwini. Ndinakwatira kwa Kapondo, kanyumba kanga kali kuseri kwa nkhokwe ya apongozi aakazi, ndipo ndinkagwira ukalaliki pa esiteti ya fodya yapafupi. Ndinkalakalaka chinthu chimodzi basi: kumutenga mkazi wanga Nabanda chitengwa, tikakhale kwathu kwa Dambe komwe ndikatsokomola palibe amene amatchera khutu. Nabanda anali ndi pakati poyamba. Ankhoswe anga anakapempha, malume ake anavomera, koma apongozi anangoti, "Tiyambe tauona mutu wawo mmene umayendera."

Mutu wanga! Munthu wa JC, woyenda ndi zolembera ziwiri pathumba la malaya (chimodzi sichinkalemba, koma ndani ankadziwa?). Ndinalumbira kuti ndiwaonetsa.

Apongozi anali ndi thadzi lawo lopanda nthenga m'khosi, dzina lake Kameta. Pamaonekedwe Kameta analibe chake, koma akakhalira mazira sankasukusitsa ngakhale limodzi, ndipo apongozi ankamukonda kuposa mmene ankandikondera ine. Mvula ili mkati, Kameta anayamba kufungatira mazira asanu ndi atatu m'chimphika chosweka, pakona ya khitchini.

Sabata yomweyo ndinali nditaoloka malire kukaona mnzanga wina wa ku Zambia. Pakhomo pake ndinaona nkhuku ikuyenda ndi tiana ta nkhanga. "Ni vosavuta mudala," anatero, "ungofakako mazira pansi pa nkhuku, kwasila." Sindinafunsenso china. Ndinagula mazira khumi, ndinawakwirira m'gaga m'kabeseni, n'kupalasa njinga ngati ndanyamula wodwala. M'njira monse ndinkaona kale gulu la nkhanga likulowa pabwalo la apongozi, ine ndili pambuyo manja m'thumba.

Vuto linali malo. Kameta sakanatha kuphimba mazira onsewo, choncho ndinachotsa anayi a apongozi kuti anga alowe. (Musandifunse kumene anapita. Kutaya chakudya ndi tchimo.)

Nabanda anandipeza ndikadali chogwada pachimphika.

"Amayi akuonani," anatero. "Akuti ndikuuzeni kuti mazira a nkhanga amayamba..."

"Uwauze amayi kuti dzira ndi dzira," ndinamudula. "Zimenezi tinaphunzira kusukulu."

Kusukulu sitinaphunzire chilichonse cha nkhanga. Chimene apongozi ankafuna kundiuza, chimene mayi aliyense m'mudzimo ankadziwa, n'chakuti mwanapiye amaswa pakatha masabata atatu pomwe nkhanga imatenga anayi. Umayamba kuika a nkhanga, papite sabata, kenako a nkhuku, kuti zonse zidzaswe pamodzi. Safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kumutseka pakamwa wondiuzayo.

Masabata atatu atakwana, anapiye anayi anaswa, onenepa bwino. Kameta anakhalabe tsiku limodzi, mwina pondichitira ulemu. M'mawa mwake anadzikung'untha, anaitana ana ake, n'kutuluka osacheuka. Ndinakagwira mazira anga, ndipo anali atayamba kuzizira.

Ndinathamangitsa Kameta kuzungulira nkhokwe katatu, nditavala taye, anthu opita kumunda ataima ndi makasu paphewa. Nditamugwira ndinamukhazika pamazira, ndinamuvundikira dengu, n'kusanjika mwala pamwamba. Kameta anakana kukhala. Anaimirira m'dengumo akulalata, ndipo anaponda dzira limodzi n'kuliphwanya. Kunjaku anapiye ankangolira opanda mayi, ndipo kabawi amene ankazungulira m'mwamba sanachedwe kuthokoza. Anatsika kamodzi, anapiye anatsala atatu.

Apongozi sanandilankhule, paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Anangopita okha kukachotsa mwalawo, ndipo mmene anauponyera pansi ndinamva uthenga wonse.

Apa munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinapeza nzeru zina.

Kuesiteti inali nyengo yootcha fodya m'mabalani. Masiku oyamba moto umakhala wapang'ono, wongoti masamba achite chikasu, ndipo ukalowa umamva kufunda ngati m'khwapa mwa munthu. Ndinati, kodi nkhuku ili ndi chiyani choposa pamenepa? Ndinaika mazira asanu ndi anayi otsalawo m'chipewa changa cha kutchalitchi, n'kukawabisa pakona m'balani imene anali atangoyatsa. Wosonkhezera moto anali a Namakhwa, bambo wachikulire wochokera ku Phalombe. Sindinawauze kanthu, poopa kuti nkhani ifika kwa kapitawo.

Tsiku loyamba zinayenda. Ndinkalowa ngati ndikuyendera fodya, n'kumatembenuza mazira anga. Tsiku lachiwiri ndinaika limodzi pakhutu, ndipo ndikulumbira, ndinamva kanthu kakugogoda. Ndinafika kunyumba mapewa ali m'mwamba.

"Uwauze amayi akonzeretu mapira," ndinamuuza Nabanda mokweza, kuti mawu adutse nkhokwe. "Sabata ino isanathe amva kulira kwachilendo."

"Mazirawo ali kuti?"

"Ali kumakina."

Zoti fodya akachita chikasu moto amaukweza kuti masamba aume mpaka mitsempha, ndinkazidziwa bwino lomwe. Ndinali nditaganiza zosamutsa chipewa Lolemba, n'kuchipititsa m'balani ina. Koma fodya safunsa kalaliki. Anachita chikasu msanga, Lamulungu, ine ndili m'tchalitchi kuimba besi mutu uli pamtunda wopanda chipewa.

Lolemba ndinapeza a Namakhwa atakhala pachitsa pafupi ndi khomo la balani, chipewa changa chili pamiyendo. Chinali chitakwinyika ngati chikopa cha mbuzi. Kumbuyo kwawo kunaima amayi osoka fodya, theka la iwo a m'mudzi mwa apongozi.

"Akalaliki, chipewachi si chanu?"

Ndinafuna kukana, koma dzina langa ndinalilemba ndekha m'kati mwake, ndi cholembera cholembacho.

"Awiri aphulika, fungo lake tinathawa tonse," anatero a Namakhwa. "Enawa apsa bwino ndithu. Mukanandiuza, ndikanabwera ndi mchere."

Ndinaswa limodzi. M'kati munali kankhanga kathunthu, timizere take tapamutu tikuoneka, katatsala masiku owerengeka kuti katuluke. Apo ndiye sindinaseke. Chisoni chinandigwira, ndipo manyazi anabwera pambuyo pake. Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanapse. Zanga zinapsa zisanaonane n'komwe.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike, ngakhale ndinali panjinga ndipo amayi aja anali wapansi. Ndinapeza apongozi atakhala pakhonde akusola mtedza, Kameta ndi anapiye ake atatu akutola zogwa. Ndinanjuta chapatali, nkhope nditalozetsa kumbali monga mwa mwambo. Nabanda anakhala pakati pathu, mimba ili patsogolo. Mtunda wake unali mapazi asanu okha, koma mawu onse ankadzera kwa iye.

"Nabanda, uwafunse amuna akowo. Mazira anga anayi aja anaswa kuti?"

"Akuti mazira aja..."

"Ndamva," ndinanong'ona. "Uwauze kuti ndidzabweza."

"Uwafunsenso. Mwanapiye wanga uja anapita ndi kabawi, anali ndi mlandu wanji?"

Ndinayamba kujambula pansi ndi kamtengo. Kenako satana anandikankha. Ndinati popeza zinthu zaipa kale, bola ndidziwiretu.

"Uwafunse amayi za nkhani ija anabwera nayo ankhoswe."

Apongozi anasiya kusola mtedza. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, sanadzere kwa mwana wawo. Analankhula ndi ine mwachindunji, modekha, ngati akufunsa za mvula.

"Bambo, inu ndi ophunzira, ine sindinapite kusukulu, ndiye mundithandize. Mwanayu akabereka kwanuko, mdzukulu wanga n'kumva kuzizira, mudzakamuika m'balani iti?"

Nabanda, mkazi amene ndinkati ali mbali yanga, anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

Chitengwa chinathera pomwepo. Mwana anabadwira kwa Kapondo, ena atatu anatsatira, ndipo kanyumba kaja tinangokawonjezera chipinda. Chaka chotsatira apongozi anapeza okha mazira a nkhanga, anawaika pansi pa Kameta yemweyo, anadikira sabata, n'kuwonjezera a nkhuku. Zonse zinaswa tsiku limodzi. Nkhangazo zinachulukana, ndipo ntchito yozitsekera m'khola anandipatsa ine, akuti ndine amene ndili ndi luso.

Masabata anayi ndinawaloweza, ndipo mkazi wanga akayamba ndi mawu oti "Amayi akuti," ndimamvetsera mpaka amalize. Koma pansi pa mtima ndimakhulupirirabe kuti nzeru ija inali yabwino, chinalakwika ndi Lamulungu basi. Chaka chatha ndinayesa kumufotokozera Nabanda zimenezi. Anangodzuka n'kukabisa chipewa changa chatsopano.