Bwato la a Longwe m'chipinda changa chogona

Alendo akafika kwathu amayamikira chitseko chachikulu cha kuchipinda chogona, chija choyang'ana kunyanja. Ena amafunsa amene anajambula pulani. Ine ndimangomwetulira, chifukwa chitsekocho sichinali pa pulani iliyonse.

Ndine wa ku Dedza. Ku Nkhata Bay kuno ndinabwera ndi ntchito ya boma, ndipo nditapazolowera ndinagula kamalo chakumtunda kwa Mwaya n'kuyamba kumanga. Malata titakhoma, nyumba inali ngati tchalitchi: makoma anayi akunja, m'kati mbee, pakhomo popanda felemu.

Ndiye panabwera a Longwe, msodzi woyandikana nane. Inali nyengo ya mwera, panyanja posayendeka, ndipo iwo amapita kukaona mwana wawo ku Joni.

"Ada, bwato langali likakhala padzuwa ling'aluka. Ligoneko m'nyumba mwanumu, mulibe anthu."

Ndinavomera ndi mtima wonse (ndimakonda kuoneka munthu wabwino, makamaka ngati sizikundidyera kanthu). Anyamata awo analikweza phiri lonse, likulowa mowongoka ngati kwawo.

Kenaka ndinakacheza kwa mnzanga ku Mzuzu, n'kukaona nyumba ya kolido yokhota. Nsanje inandigwira. Pobwera ndinauza a Kamanga, mmisiri wanga, kuti nanenso ndikufuna yotero. Iwo anati, "Yewu, bwana," n'kutenga chingwe. Makoma am'kati anakwera, mafelemu analowa, m'mawindo tinaika zitsulo zoletsa akuba, pulasitala n'kumata bwinobwino. Bwatolo nthawi yonseyi linali momwemo, pamalo amene anasanduka chipinda chogona. Amisiri amasungamo zipangizo, ine ndimakhalapo madzulo aliwonse n'kumalamula ntchito. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene analiyang'ana ngati chinthu chodzatuluka.

Mwera utaleka, usipa utayamba kuoneka pamsika, a Longwe anatulukira ndi anyamata awo aja. Tinanyamula. Mutu wa bwato unatuluka pachitseko n'kukagunda khoma la kolido. Tinalipendeketsa, tinaliimika mpaka linakanda denga, tinayesa chammbuyo. Ine thukuta kamukamu, ndikulamulabe (mawu a bwana satha msanga, ngakhale nzeru zitatha).

A Longwe sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka. Anakhala pansi, n'kulisisita bwato lawo.

"Ada, anzanga akupha usipa. Ana anga adya kolido?"

Mnyamata wina anati tilidule pakati, tikalilumikize kunja. Mmene a Longwe anamuyang'anira, mnyamatayo anapita kukamwa madzi osabwereranso.

Mayi a kunyumba, amene anali pakhonde, ndiwo anamaliza mlandu. "Bambo, khoma silidyetsa munthu. Gumulani."

A Kamanga anandipatsa hamala kuti ndiyambe ndine, poti iwo dzanja limakana kuphwanya pulasitala wawo. Ndinamenya khoma langa latsopano, loyang'ana kunyanja, anthu a m'mudzi akuonerera, ena atabwera ndi mipando. Kunena zoona, misozi inali pafupi. Bwato linatulukira pabowolo n'kutsetsereka kupita kunyanja, ndipo m'mawa mwake a Longwe anatitumizira beseni la usipa. Sindinadyepo usipa wowawa mtima ngati umenewo.

Pabowo paja ndi pamene pali chitseko chotchukacho.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu. Panopa ndikumanga khitchini kuseri, ndipo mlamu wanga waikamo kale chifiliji chake chachikulu cha nsomba, akuti chingokhalamo pang'ono. Felemu ya chitseko a Kamanga aika dzulo. Tepi yoyezera ndili nayo m'thumba, koma ndikuopa kukayeza.