Injiniya ndi Mzinga Woonera Nyenyezi

Pulaniyo inabadwira pa masese a mayi Triza, kuseri kwa kamsika ka pafupi ndi esiteti, ndipo monga mapulani onse obadwira pamenepo, inabadwa yonenepa. Mwini wake anali Blackson, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa tsiku lina anamasula wailesi ya apongozi ake yomwe inkangokhosomola, ndipo kuchokera tsikulo sinalankhulenso.

"Amwene, tasenderani kuno," anatero akupukuta thovu pandevu. "Kuli maticha ndi manesi ena ake a cha ku Makwasa. Mwezi ukapita kumdima amakwera kaphiri kaja ka pakati pa tiyi n'kukaimika chimzinga choonera nyenyezi. Akuti telesikopu. Chimenecho tikachifikitsa ku Limbe, basi, tiyi tasiya kuthyola."

"Nanga alonda?" anafunsa Samsoni, mwamuna wowonda amene ankadziwika kuti Kachingwe.

"Palibe olo mmodzi. Ndiye imvani pokoma pake: akafika amazimitsa okha magetsi onse. Mitu m'mwamba, kukamwa yasa!"

Crispin, yemwe mimba yake inamupatsa dzina loti Chigubu, anaseka mpaka benchi inalira. "Aise, ndiye atiphikira kale. Ife n'kungosamba m'manja."

Blackson anaseka nawo, koma kumtima kunali kanthu. Iye anali mkamwini kwawo kwa mkazi wake Lestina, ndipo chaka chatha atamugwira ndi mbuzi ya eni, mkaziyo anamuuza pamaso pa ankhoswe kuti akadzabanso, ngakhale singano, banja lidzathera pomwepo. Kuyambira pamenepo Blackson ankanama kuti wapeza ulonda kuesiteti, ndipo madzulo alionse ankatuluka ndi chijasi ndi chitochi chachikulu. Apolisi sankawaopa kwenikweni. Ankaopa Lestina, ndipo zoona zake n'zakuti ankamukondanso kwambiri.

Loweruka, chiperoni chitapuma ndipo kumwamba kutayera, atatuwo analowa m'munda wa tiyi dzuwa litangolowa. Injiniya analamula kuti adutse pakati pa mizere osati pamsewu. Aliyense amene anathyolapo tiyi amadziwa kuti mitengoyo imakumbatirana mpaka m'chiuno, koma mkulu wa pulani saphunzitsidwa. Patapita ola anali atanyowa ndi mame, mabuluku atang'ambika, ndipo palibe ankadziwa kumene kunali phiri. Chigubu anatopa nazo, anayatsa tochi ya foni.

"Tochiyo! Zimitsani tochi!" mawu ambiri anakuwa pamodzi pamwamba pawo penipeni.

Atigwira, anaganiza Blackson, tisanakhudze n'komwe kanthu. Kanyali kofiira kanatsika kulunjika kwa iwo, kumbuyo kwake kuli mayi wamfupi wovala mpango ndi juzi.

"Takulandirani, abambo. N'koyamba eti? Ine ndine Olivia, ndimaphunzitsa sayansi. Mwavutikiranji m'tiyi msewu ulipo?"

"Ndife... okonda nyenyezi, madamu," anayankha Blackson. "Kungoti tinathamangira shotikati."

Mayi Olivia anatenga foni ya Chigubu, anaikulunga kapepala kofiira n'kukamanga ndi labala. Akuwatsogolera, anawafotokozera malamulo mokoma ngati akugawa maswiti. Maso a munthu, anatero, amafuna theka la ola kuti azolowere mdima, ndipo akazolowera amaona zambiri. Koma nyali yoyera ikangowala kamodzi, zonse zimafufutika, munthu amakhala ngati wakhungu, n'kuyambiranso. N'chifukwa chake kuno n'zofiira zokhazokha. Osathamanga, osagwira telesikopu, ndipo aliyense aziima pamzere.

Choncho mbava zitatu zoopsa za dera lonselo zinaima pamzere, manja kumbuyo, pakati pa nesi wopuma ntchito ndi mbusa wa mpingo. Mzingawo unali pomwepo, wokhala pa miyendo itatu, mwendo uliwonse uli ndi kagetsi kofiira kophethira kuti anthu asapunthwepo. Mwini wake, bambo Douglas, ankauyang'anira ngati mwana wakhanda.

Itafika nthawi yake, Blackson anawerama n'kuika diso. Pamene kumwamba pankaoneka kachifunga chabe, iye anaona nyenyezi zosawerengeka zitaunjikana ngati shuga wotayikira pansalu yakuda. Anaiwala Limbe. Anaiwala mame a m'nsapato. Anangomva chisoni chachilendo, choti wakhala zaka zonsezi akuyenda usiku osayang'anako m'mwamba.

"Bwana, mwagona pamenepo?" Kachingwe anamutsina. "Tabwera kudzagwira ntchito."

Mwayi unabwera pamene mayi Olivia anaitana anthu onse kuti akamwe tiyi wa m'mafulasiki cha kumene anaimika magalimoto. Mzinga unatsala wokha. Apa mpamene nzeru za Injiniya zinawira.

"Mwamva zimene anena madamu aja?" ananong'ona. "Nyali yoyera imawachititsa khungu theka la ola. Atipatsa okha chida! Inu nyamulani, ine ndiwawalitsa m'maso onsewo ndi iyi."

Anatulutsa chitochi chake cha ulonda wabodza, anachiloza kwa anthuwo n'kudina. Zii. Anadinanso. Zii. Mabatire anali atagwedera chifukwa cha kugwa kwa m'tiyi muja.

"Chatani?" anafunsa Chigubu, atasenza kale mzinga paphewa.

"Dikirani, ine ndi injiniya."

Anachitembenuza, anachiyang'ana kugalasi. Anzake awiri anaweramira pomwepo kuti aone nawo. Blackson anachimenya ndi chikhatho kumbuyo, ndipo chitochicho, chomwe sichinayambe chagwirapo ntchito yoona m'moyo wake, chinasankha nthawi imeneyo. Ngwee! M'maso mwa atatu onse.

"Mayo! Ndafa!" anakuwa Kachingwe.

"Thawani!" analamula Injiniya, ngakhale sankaona ngakhale mphuno yake. Tochi inagwa pansi n'kuzimanso.

Anathamanga. Anthu makumi atatu, makapu ali m'manja, maso awo ali bwinobwino, anatembenuka n'kuona timagetsi titatu tofiira tikudumphadumpha kutsika phiri, tikuphethira mokhulupirika. Palibe anathamanga, poti lamulo linkaletsa. Bambo Douglas anatulutsa kanyali kawo kobiriwira kolozera nyenyezi, kamene sakalozetsa munthu kapena ndege, n'kuloza pansi patsogolo pa othawawo.

"Abambo inu! Kutsogoloko kuli ngalande! Khoterani kumanja!"

"Akutinamiza!" anakuwa Blackson. "Pitani sitireti!"

Anapita sitireti. Phokoso lake linamveka mpaka kumalayini a antchito. Anthu atafika, akuyenda pang'onopang'ono monga mwa malamulo, anapeza Kachingwe pansi, Blackson pamwamba pake, Chigubu chagada pamwamba pa onse, atakumbatira mzinga pamimba. Bambo Douglas anayamba awunika telesikopu, kenako anthu. Zonse zinali zamoyo. Nesi uja anatsuka mabala awo, mbusa n'kuwapatsa tiyi, ndipo zimenezi zinamupweteka Blackson kuposa makofi.

"Madamu," anatero atagwada m'matope, "mutiitanire apolisi. Chonde. Ndikagone kuselo, mawa ndidzanena kuti ndinali kuntchito."

"Apolisi a chiyani, chinthu chathu chili bwino?" anayankha mayi Olivia. "Koma tili ndi lamulo lomaliza. Kuno sitilola munthu kubwerera yekha mumdima, makamaka wovulala. Aliyense timamufikitsa pakhomo pake, n'kumupereka m'manja mwa abale ake."

Blackson anachonderera, analumbira kuti mwendo wachira, ananena kuti ndi wamasiye wopanda kwawo. Koma Chigubu, atafewa ndi tiyi wamkaka, anali atalozera kale njira.

Motero mudzi wa Lestina unaona zimene sunaonepo: mzere wa tinyali tofiira ukutsika mwaulemu kuchokera m'tiyi, pakati pake pali mlonda wa esiteti akutsimphina, matope mpaka m'makutu. Agalu anauwa, zitseko zinatseguka, apongozi anatuluka atafunda chitenje. Mayi Olivia anaodira pakhomo, ndipo Lestina atatuluka anamufotokozera zonse mwachifundo, osasiyapo kanthu, mpaka anayamikira kuti amunawo anaima bwino pamzere.

Lestina sanakalipe. Blackson akanakonda kutukwanidwa. Kenako analowa m'nyumba. Kunamveka kutsegula kwa sutikesi ndi kugwedera kwa mahang'ala. Anatuluka ndi jumbo yodzaza zovala, pamwamba pake pali nsapato za kutchalitchi, n'kuipereka m'manja mwa Blackson bwinobwino ndi manja awiri.

"Amayi," anatero potembenukira kwa mayi Olivia, "mwati simusiya munthu yekha mumdima mpaka afike kwa abale ake?"

"Eya, ndiye lamulo lathu."

"Ndiye musatope, pitirirani nawo. Kwawo ndi ku Khonjeni."