Ndisanafike pa Nkhani ya Tadala

Lolemba

Adokotala akuti ndili ndi ADHD. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, imvi mbuu, lero ndiye vuto langa likupeza dzina! Akuti si ulesi, si kulodzedwa. Maganizo anga sakhazikika pa chinthu chimodzi, ndipo ndinabadwa choncho. Akutinso zimayenda m'magazi. Apa mtima ukundiwawa, chifukwa ndikuona Tadala, mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 ku Dowa. Aphunzitsi amati amangoyang'ana pawindo. Inenso ankandinena zomwezo asananditsire chikwapu.

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, agamula kuti Lamlungu Tadala asiye sukulu, azikawathandiza mugolosale. Mwini mbumba ndi iwo. Ine mkamwini changa n'kupempha basi. Ntchito ya sabata ino ndi imodzi yokha: kuwaimbira foni, kuwauza kuti mwanayu si chitsiru.

Lachiwiri

Ndaika chikumbutso pafoni monga ananenera adokotala. Chikulira ndili pageti ku Pearl, kuno ku Doha, kumene ndimalonda nyumba zosanjikizana. Ndikutulutsa foni. Zomwe ndikuona:

za mpira wakumudzi,
kanema wa munthu akumata tayala la njinga,
kodi ngamila imasunga kuti madzi?

“Yalla, yalla!” akukuwa kapitawo wathu m'Chiarabu kuti ndifulumire. Foni m'thumba. Za ngamila ndadziwa zambiri. Alamu sindinawaimbire.

Lachitatu

Ndaimba! Koma kwa alamu sulowa pankhani ngati wakuba. Moni kaye. Apongozi mwendo uja uli bwanji? Mvula? Chimanga? Nanga mbuzi ija inaswa? Yaswa ana awiri! Basi tili m'khola, ine ndikufotokoza mmene angalimangire kuti fisi asalowe. Alamu akusangalala zedi.

“Mwatikumbuka ndithu, alamu. Mulungu akusungeni.”

Foni yaduka. Ndikumwetulira ndekha mpaka chithunzi cha Tadala chikuonekera pagalasi la foni.

Lachinayi

Ndikuuza a Banda, adalaivala omwe timagona chipinda chimodzi.

“Aaa, achimwene, zimenezo n'za azungu. Inu mumangofunika kufokasa basi, khalas, nkhani yatha.”

Kufokasa! Akuyesa zaka zonsezi nzeru imeneyi sinandifikepo?

Amake Tadala akufunsa ngati ndinalankhula ndi achimwene awo. Ndikuti inde. Kulankhula ndinalankhuladi, koma manyazi akundigwira.

Lachisanu

Tsiku lopuma kuno. Ndalemba TADALA padzanja ndi bolopeni, zilembo zikuluzikulu. Ndikuimba. Alamu ali pamaliro, nyimbo zikumveka kumbuyo. Pamaliro sungayambe za sukulu. Ndikupepesa, ndikufunsa watisiya ndani. Akuti aphunzitsi anga a Sitandade 5, omwe aja ankanditcha Kamvulumvulu n'kumandigwaditsa padzuwa.

Ndakhala pabedi nthawi yaitali. Misozi ikutsika. Sindikudziwa ngati ndikulira iwo kapena mwana wogwada padzuwa uja, amene ankakhulupirira kuti ndi chitsirudi. Pomwe ndikudzuka, thukuta la Doha lafufuta dzina padzanja.

Loweruka

Lero ndalimba mtima. Moni ndikufupikitsa.

“Mwathamanga bwanji lero, alamu? Kwagwanji? Timbuzi tanu tija simutifunsa?”

Ndikufunsa timbuzi. Kamodzi kakutsegula m'mimba. Ndikudziwa mankhwala ake, tsoka langa! Pomwe ndikutchula Tadala, iwo akuti:

“Za ameneyo musade nkhawa, mphasa yake tagula kale. Sukulu inamukana. Pepani, kwabwera kasitomala.”

Ndatsala ndi foni kukhutu, mawu onse a adokotala ali m'kamwa.

Lamlungu

Kuno ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse. Ndalephera. Tadala akupita kwa amalume ake lero, ndipo mkamwini wakutali sangasinthe kanthu.

Amake akuti mwanayo ananyamuka, n'kubwerera chifukwa anaiwala chikwama. Wanyamukanso, wabwereranso, nsapato. Mwana wanga weniweni! Pakali pano ali pakhomo, akufunafuna nsapato inayo.

Ndikujambula mawu oti nditumize pafoni ya amake. Popanda moni, koyamba m'moyo wanga. Ndikuti: “Tadala, sindiwe chitsiru. Mutu wakowo unatengera ine, ndipo vuto lathu lili ndi dzina.” Kenako ndikupitiriza, za adokotala, za aphunzitsi aja, mpaka ndafika pangamila.

Yankho likubwera masana, ndili pageti:

“Adadi, ndamva poyamba pokha. Kwinako ndimayang'ana nkhuku. Koma poyambapo ndabwereza.”

Sukulu yamupita. Ndayimirira pano, yunifolomu yanyowa ndi thukuta, magalimoto akulowa, ine ndikungokweza geti. Mawu amenewo ine ndawamva imvi zitamera kale. Iye wawamva ali Fomu 2.