Zikomo Potitulutsira a Gerishon pa Wailesi

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Mayankho Okoma,

Bwana,

Pepani kuti ine wogulitsa tomato pa Lisungwi, kuno ku Neno, ndikudetsa tebulo lanu ndi kalata. Chimwemwe chandikulira, ndalephera kuugwira mtima. Ndine wapampando wa kagulu ka Tiyankhulepo, kamene kamayendera mabanja a anthu otsekeredwa m'ndende mlandu usanazengedwe. Lachinayi tinaunjikana pa wailesi ya telala wathu kukumverani muli ku Geneva, kumene mayiko amafunsana mmene aliyense akusamalira ufulu wa anthu ake. Munayankha mokoma ngati kwaya ya pa ukwati. Landirani zothokoza zanga.

1. Munauza mayiko kuti kwathu kuno kulibenso munthu wokhalitsa m'ndende osaonekera kukhoti. Mayi Esnart, amene amuna awo a Gerishon anatengedwa chaka chatha pa nkhani ya mbuzi yomwe inabwerera yokha kukhola, analuluta mpaka telala anasokera thumba kumsana kwa malaya. Tonse tinathamangira kwawo kukawalonjera a Gerishon. Pakhonde panalibe. Tinasuzumira kubafa, m'nkhokwe, ngakhale pansi pa bedi. Tinagwirizana kuti munthu wotulutsidwa pa wailesi amachedwa kuoneka ndi maso.

2. Zikomo potifunsa maganizo musananyamuke. Anyamata anu anatiitanira ku boma n'kutijambula tikumwa zoziziritsa kukhosi. Nditakweza dzanja kuti nditchule za a Gerishon, anandiuza kuti ndilikweze bwinobwino chifukwa likukongoletsa chithunzi. Ndinalikweza mpaka galimoto yawo inanyamuka. Ndamva kuti dzanja langalo lafika ku Ulaya. Lili ndi mwayi, lakwera ndege mwiniwake asanaioneko pafupi.

3. Tinanyadira kumva kuti mabungwe a ku Neno anaimiridwa ndi a Binwell, alamu anu, mkulu wa bungwe lomwe linabadwa sabata ya ulendo. Kuno sitinawaonepo, koma sitikuwada ayi, msewu wathu sugwirizana ndi nsapato zawo. Ananena kuti anthu a ku Neno akuyamika. Sananame, taonani ndikuyamika.

4. Madandaulo athu tinawatumiza tokha ku Geneva pa foni ya aphunzitsi a Prisca, osayembekezera kanthu. Ndiye mayi wina wa dziko lakutali anatchula Neno, ngakhale lilime linamuvuta. Inu munayankha kuti amenewo ndi anthu ofuna kuipitsa mbiri ya dziko. Bwana, mwatikweza. Sindinkadziwa kuti amayi a madengu ngati ife tingagwedeze dziko lonse. Chiyambire tsiku limenelo ndikuyenda mothimbwidzika pamsika, makasitomala akudabwa.

5. Malangizo a mayiko anzathu munawalandira onse osaphethira, monga munalandirira a ulendo wapitawo. Tomato ukamuunjika osagulitsa amaola, koma malangizo, eti, amasungika.

Loweruka a Esnart anakwera minibasi kupita kundende kuti akatsanzike alonda mwaulemu. Anawapeza a Gerishon ali momwemo, ataonda, akutsokomola. Atawauza kuti anatulutsidwa kale, a Gerishon anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kufunsa ngati angapite kukapuma kwawo. Mlonda anapepesa kuti m'kati muja wailesi sigwira bwino.

Tsono ndagwada, Bwana, ndi kapempho kamodzi basi. Zikuoneka kuti Neno alipo awiri, wathuyu ndi amene mumamunena ku Geneva. Tilozereni njira yopita kwa winayo, tisamukireko tonse, pakuti akumveka wokoma zedi. Ngati malo atha, musavutike nafe. Mukakumana ndi a Gerishon a kumeneko, amene ali pa ufuluwo, muwauze kuti mwana amene anamusiya ali m'mimba wayamba kuyenda, ndipo akuitana telala kuti ababa.

Ine wanu wosefukira ndi chiyamiko,

Callista Adam
Wapampando, Tiyankhulepo, Lisungwi