Tsiku Limene Ndinagwetsa Apongozi ndi Gitala

Ndikanadziwa, Loweruka lija sindikanakolopa m'nyumba.

Fakitale itatichotsa ntchito, ndinadzipatsa udindo wa woimba. Ndinagula ampu yakale yokwezera mawu a gitala, yopanda pulagi, mawaya awiri n'kumawalowetsa m'soketi ndi kutsekera timitengo ta machesi. Waya wachitatu, wopita m'nthaka uja, ndinaudula (ndinkayesa ndi wokongoletsa chabe). Ampuyo inkalira ngati njuchi, ndipo ndikajambula nyimbo osavala patapata, zingwe za gitala zinkandiluma zala. Ndinangozolowera.

Vuto linali Bana Chanda, mayi ake a chibwenzi changa Chanda, mtsogoleri wa mapemphero wodziwika ku Chawama konse. Anali atanenetsa kuti mwana wawo sakwatiwa ndi munthu woimba m'mabala. Tsikulo anabwera ndi Chanda kudzandiona ndi maso awo, ndipo ine ndi mantha ndinakolopa mpaka simenti yonse kuchita chithaphwi.

Anavula nsapato pakhomo n'kuponda ponyowa. Ine ndinali pampando, patapata kumapazi, zala pazingwe, kaseti ikujambula kuti amve kuti ndimaimbanso za Mulungu.

"Imwe, mu gitala umu muli chiwanda," anatero. "Mvelani mwamene ililila. Lekani nikupempheleleni."

Anandigwira pamphumi.

Abale inu, ndinaona nyenyezi masanasana. Mayi aja anakuwa, kudumpha, n'kukagwera pamulu wa zovala. Mumtima ndinati basi, ukwati watha, chatsala ndi apolisi.

Anadzuka pang'onopang'ono, duku lili pambali, misozi ili mbwembwembwe.

"Chanda! Uyu mwamuna ali na moto! Zaka zonse izi nipemphela, nikalibe kumvelapo so!"

Ndikanaulula pomwepo. Koma Chanda anandiponyera diso loti ukangotsegula pakamwa uona, ndiye ndinangoti, "Ameni, Ba Mayo."

Lolemba Bana Chanda anabweranso ndi amayi asanu a kutchalitchi, onse nsapato kumanja. Magetsi anali atazima (kwathu ankabwera ngati alendo). Ndinawagwira mmodzimmodzi, thukuta lili kamukamu, koma palibe anagwa. Bana Chanda anawakalipira onse kuti alibe chikhulupiriro.

Ukwati unachitika. Wokonza mawailesi atandiuza kuti ampuyo idzandipha, Chanda anamuitana kuti alumikize waya uja n'kukhomera chitsulo m'nthaka kuseri kwa nyumba. Njuchi zinasiya, nyimbo zimamveka bwino, zala zanga zili pamtendere. Chilungamo sindinaululebe mpaka lero, ndipo ndikulipira. Apongozi akabwera amavula nsapato, kundigwira pamphumi, kudikira kanthawi, kenaka n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Ba tata, moto uja unayenda kuti? Kambani zoona. Mwayamba kumwa, ai?"