Mfumukazi ya Njuchi M'tsaya Mwanga

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, abwere adzafinye khutu langali, aone ngati simutuluka uchi. Palibe? Ndiye khalani pansi. Iwe Yusufu, chotsa kaye lumo lakolo pakhosi panga, udzandimeta ndikamaliza, nkhani iyi imafuna manja onse awiri, ndiponso iwe ukamaseka dzanja limakunjenjemera. Anyamata inu mwabwera dzana kuno ku Durban, fumbi la pa Mwanza likadali kumapazi, mukandiona ndikugulitsa uchi m'mabotolo pano pa Verulam mumayesa ndine nkhalamba wamba. Ine Jailosi, wa kwa a Mbewe, wa ku Ntchisi, ndinauluka pamwamba pa mzinda uno wopanda tikiti. Pali Mulungu kumwambaku.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ya m'gadeni ku Westville, kwa adona ena amasiye. Amuna awo anamwalira n'kusiya ming'oma isanu kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndiye tsiku londilemba ntchito adonawo anandifunsa ngati njuchi ndimazidziwa. Ine kuzidziwa? Ndinati madamu, ine ndinabadwira mumng'oma, mchombo wanga anadula ndi mbola. Basi anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja, ka shawa yakeyake, madzi otentha, chitseko chokiya, zinthu zimene inu ogona asanu pa matiresi amodzi simungazimvetse. Chimene sindinawauze n'chakuti ming'oma imene ndinkaidziwa ine ndi ya makungwa, yopachika mumtengo, ija umangopitako kamodzi pachaka ndi muuni wa udzu kukafula. Ya azunguyi ndi mabokosi osanjikiza ngati mafulati. Pamwamba ndi mosungira uchi. Pakati pali sefa ya waya, yoti njuchi zantchito zizidutsa koma mfumukazi, poti ndi yonenepa, isakwere. Bokosi la pansi ndiye moikira mazira ndi molerera ana, ndipo ine ndinalitcha chikuta.

Tsono inu mukudziwa, kwathu mwamuna salowa m'chikuta. Ana anga onse asanu ndi awiri ndinayamba kuwaona mchombo utagwa. Ndiye adona akamati, "Jailosi, sabata iliyonse uzitsegula bokosi la pansi," ine ndinkati yesi madamu, n'kukatsegula la pamwamba lokha, kusuzumira, kutseka. Ena amati ndinkaopa mbola. Bodza limenelo. Unali ulemu.

Koma ulemu umenewo njuchi sizithokoza. Chikuta chikathina, ana mbali iyi, uchi mbali iyo, mfumukazi n'kusowa poika dzira, njuchi zimachita msonkhano. Zimamanga tinsupa ta phula tolendewera m'munsi mwa zisa, tooneka ngati mtedza wosasenda, n'kuleramo mafumukazi atsopano, kenaka yakale ija imatenga theka la mtundu, zonse zitakhuta uchi wako, n'kusamuka, iwe n'kutsala ndi bokosi lopepuka ngati mutu wa Yusufu. Mankhwala ake ndi kutsegula pansi pomwepo, kuchotsa zisa zodzaza, kuikamo zopanda kanthu, kuthyola tinsupato, zikachulukitsa kugawa banja pawiri. Kwathu njuchi zikasamuka timangoti zapita, zibwera zina. Ku Westville ndi mlandu. Chaka changa choyamba gulu lina linakalowa m'bokosi la makalata la neba wathu, mzungu wa chimimba, wa agalu atatu ndi makamera pakona iliyonse, ndipo zinamuluma pamlomo mpaka sabata yathunthu ankalankhula ngati wavwira mbatata yamoto. Adona anandiitanira pakhonde. "Zikadzasamukanso kamodzi kokha, Jailosi, ming'oma ichoka, iwenso uchoka, makiyi a chipinda usiya pano." Mukumva? Shawa yanga, chitseko changa, zonse zinali m'manja mwa kachilombo kamodzi.

Itafika Seputembala, mapeyala ndi mango zili maluwa okhaokha, mng'oma wapakati unayamba kulira ngati jenereta, njuchi zitaunjikana pakhomo pake ngati ndevu za amalume ako aja a ku Mangochi, Yusufu. Ndinauona, ndinaupatsa moni, ndinadutsa. Loweruka m'mawa cha m'ma teni, adona atapita kokagula zinthu, ine ndikuthirira maluwa, ndinangomva wuuu, dzuwa zii, dziko lonse bii, magetsi a pamageti kuyaka okha mpaka ku Pinetown, mbalame zaphokoso za milomo italiitali zija kubwerera kukagona, apusi kugwa m'mitengo ngati mapapaya akupsa, alonda amene anali atangoweruka kumene kudzambatuka n'kuvalanso yunifolomu poyesa kuti achedwa kuntchito. Njuchi zanga zinali paulendo.

Ndinataya paipi, ndinatola khasu ndi mwala, poti kwathu gulu la njuchi timalitsitsa poliimbira chitsulo, ndipo ndinalumpha mpanda wa neba uja, wa mawaya a magetsi pamwamba, magetsiwo n'kundigwira buluku, ine n'kuwagwiranso, tinalimbana pamenepo mpaka iwo ndi amene anakomoka, msewu wonse mafiriji kuzima, ine uyo ndatera kunja, liwiro la mtondo wadooka, khasu ngwe ngwe ngwe, maso kumwamba. Koma zija ndi njuchi za m'tauni, zobadwira m'bokosi lopaka penti, khasu sizilidziwa, zinkayesa ndikuziimbira nyimbo, zinkangovina zikupita. Zinatsata msewu waukulu wopita m'tauni, inenso pomwepo pakati pa magalimoto, ndinapitirira matakisi asanu ndi limodzi, ndipo inu mukuwadziwa madalaivala a kuno kuti sapitiriridwa ndi munthu, wina mpaka anatulutsa mutu pawindo n'kundifunsa ngati ndili ndi malo a anthu awiri, wapolisi wa pamsewu anandiloza ndi kamakina kake koyezera liwiro kaja, kamakinako kanafuka utsi, magambuti anga anasungunuka n'kutsala pa tala, ndipo mukadutsa pamenepo lero mudzaona mapazi awiri akuda, saizi naini, ndi anga amenewo. Mukumva?

Zinakatera kudoko, pa mbedza ya chikireni chonyamulira makontena, zitaunjikana chimulu chachikulu ngati ng'ombe ya bere, chikirenicho mpaka kuwerama ngati nsungwi, antchito onse phazi thandize, ena kudziponya m'nyanja ndi zipewa zawo zolimba zija, ndipo pansi pake panali sitima yoti inyamuka masana omwewo kupita maiko a kutsidya. Ndinati eish, zikangogwera musitimamo shawa yanga yawoloka nyanja. Ndinakwera chikirenicho ndi zala za kumapazi, wopanda neti kumaso, wopanda utsi, wopanda magolovesi, ndinapisa mkono m'chimulumo mpaka m'khwapa, osaipeza, ndinalowetsa mutu, osaipeza, ndinalowa thupi lonse n'kumayenda m'katimo, zikomo zikomo ndidutse nawo, ndipo pakati penipeni ndinaipeza mfumukazi itakhala mwendo pa unzake, yaitali ngati chala changa ichi, ziwiri zikuikupiza, ina ikuidyetsa. Ndinagwada. Ndinati, "Amayi, tiyeni kunyumba, mundichotsetsa ntchito." Inangondiyang'ana n'kutembenuka. Ndiye ndinaigwira mapiko. Poika ndinalibe, matumba onse anatsala pampanda paja, basi ndinaiponya m'kamwa, n'kuikhazika apa, pamene panachoka dzino ili. Suzumirani. Mpata umenewu si wa zaka, ndi mpando wachifumu.

Njuchi imatsata fungo la mayi wake. Posakhalitsa zonse zinali pa ine, m'ndevu, m'makutu, m'khwapa, ngakhale kumene sindingatchule pamaso pa ana, ndipo zitayamba kukupiza mapiko nthawi imodzi ndinangoona chikireni chikuchepa, sitima ikusanduka kabokosi ka machesi, ndili m'mwamba anyamata, Durban yense ali pansi panga ngati mphasa. Poyamba zinalunjika kunyanja, ine kukuwa sindingathe, ndikatsegula pakamwa mfumukazi ithawa. Mwangozi ndinaikankhira ndi lilime ku tsaya lakumanzere, gulu lonse n'kukhotera kumanzere. Ndinaibwezera kumanja, lonse kumanja. Ndinati yebo, chiwongolero ndachipeza. Tinadutsa pamwamba pa msika, azimayi ogulitsa nyama ya mitu ya ng'ombe kuvundikira mapoto, tinadutsa pabwalo la mpikisano wa mahatchi, mahatchi onse kutembenuka n'kuthamangira kumene anachokera, wotsiriza n'kukhala woyamba, m'busa wina wa mutenti atandiona anagwa chagada n'kuulula machimo ake onse pa maikolofoni, akazi ake ali pompo, ndege ina inandiimbira hutala ine n'kuipatsa dzanja kuti idutse. Vuto linabwera pa Berea. Kunakwera fungo la tsabola wa kale wa Amwenye, lolasa m'mphuno, chimfine cha kuyetsemula chinandigwira, ndipo ndikanayetsemula mfumukazi ikanakagwera ku Mozambiki, ndiye ndinatsina mphuno, kuyetsemulako kunatulukira m'makutu, mitambo iwiri inang'ambika, mvula inagwa ku Glenwood kokha, funsani amene anayanika zovala tsiku limenelo. Mukumva?

Kufika pa Westville, mabuleki palibe. Ndinazungulira nyumba ya adona katatu. Kenaka ndinameza malovu, mfumukazi inatsetsereka kufika pakhosi apa, gulu lonse n'kuloza pansi, ndipo tinagwera m'dziwe losambira la neba uja, khuvuu, madzi onse kutuluka n'kukathirira magadeni a msewu wonse, ine n'kutsala chiimire pa simenti youma. Ndinakhosomola, mfumukazi iyo m'dzanja, yamoyo, ikungopukuta kumaso.

Tsiku limenelo ndiye ndinalowa m'chikuta. Ndinavula chipewa, ndinati odi, ndinachotsa bokosi la pamwamba, ndinachotsa sefa, ndipo zimene ndinaona, abale, akulu akale ankadziwa potiletsa. Zisa zitamatirirana, ana pamwamba pa ana, tinsupa tikulendewera ngati mkoko wa nthochi, mfumukazi ina yatsopano itatuluka kale ikunola mbola pa msomali. Ndinathyola tinsupa tonse, yatsopanoyo ndinaipatsa bokosi lake ndi theka la ana, yakale ndinaibwezera kwawo ndi zisa zopanda kanthu kuti iikire mpaka itope, ndipo uchi umene ndinachotsa m'menemo unasefukira m'ndowa, m'bafa, mu wilibala, unalowa mu ngalande, unatsikira mumtsinje wa Umgeni, asodzi a kumatsiriro kwa mtsinjewo mwezi wathunthu ankawedza nsomba zotsekemera kale, ana n'kumazinyambita zosaphika. Njuchi ndinazilowetsa pamzere ndikuziwerenga pakhomo, inasowa imodzi yokha, nayonso inabwera madzulo pa takisi. Pamene galimoto ya adona inkalowa pageti, ine ndinali ndikuthirira maluwa, ndikuimba mluzu.

Lolemba adona anandiitanira pakhonde. Neba uja anali pomwepo, diso limodzi litatsekeka, foni ili m'manja. Anati kamera yake ina inajambula za Loweruka. Anandionetsa. Kakanema kake kakafupi, kosakwana n'komwe nthawi yomwera kapu ya tiyi. Mukuoneka mdala wina akuthamanga ndi khasu, njuchi zili pambuyo pake, osati patsogolo, akuponya khasulo, khasu likuswa windo la neba, mdalayo akukwera mpanda, buluku likutsala pawaya, akugwera m'dziwe, agalu atatu akumuzungulira, ndipo njuchi zikulowa bwinobwino pa windo loswekalo, m'chipinda chimene mwini nyumba ankaonera mpira. Ndinati, "Madamu, ameneyo si ine." Adona sanatsutse. Anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo makiyi. Lachitatu ine, matiresi anga ndi ming'oma yonse tinali pa baki, kapikapu kaja, kubwera kuno ku Verulam, poti panalibe wina woifuna, ndipo kuno ndimasamba m'ndowa ngati inu nomwe.

Ndikudziwa kuti kakanemako ena muli nako m'mafoni mwanu, ndakuonani mukupatsirana kumbuyoko. Kaonereni bwino. Nkhope ikuoneka? Sikuoneka. Akuoneka ndi matako okha, ndipo matako amafanana dziko lonse lapansi. Ndiye kwezani mawu mumve. Munthu ameneyo akukuwa kuti, "Mayo ine! Mayo ndafa ine!" m'Chichewa, masanasana, pakati pa Westville. Ine zaka zonse ndakhala m'dziko la eni lino, mutakisi ndimakhala ngati wosalankhula, foni ya kumudzi ikaitana pamzere wa kuchipatala ndimaidula, palibe munthu anamvapo Chichewa pakamwa panga kunja kwa mpanda, inunso mumatero, musanditsutse. Ameneyo ndi Mmalawi wina wosasamala, wobwera kumene. Ine pamsewu njuchi ikandiluma ndimalira m'Chizulu.