Madigadi Amene Ndinawanyoza

Ku Unit L, kuno ku Chitungwiza kwa Ashona, kuli msewu umodzi umene sindiupondanso, ngakhale mutandikoka ndi chingwe. Chinandifikitsa pamenepa ndi madigadi, tizitsulo tiwiri totchinga matope pa njinga, timene ndinatinyoza pamaso pa anthu. Ndikuuzani ndekha nkhaniyi, chifukwa achemwali anga anaifalitsa kale m'dera lathu lonse la Zengeza 1, ndipo iwo akamafotokoza amathira mchere wambiri.

Mwana wa achemwali angawo, Tinashe, anapeza mbeta, mtsikana wa Chishona wa ku Unit L. Ine monga malume ake ndinasankhidwa kukhala nkhoswe, woti ndikagogode kwa makolo a mtsikanayo. Udindowu tinaulimbirana ndi mng'ono wanga, munthu woti sangamalize mawu atatu osatsokomola, ndipo ndinapambana. Ndinalumbira kuti ndikawaonetsa anthu amenewo kuti ife zidzukulu za Amalawi sitinathere m'minda ya m'mapulazi ndi m'migodi ayi. Ukwati wa mnyamatayo unali pakamwa panga.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangogula njinga yokwerera mapiri, ija ya matayala onenepa ngati a thirakitala (musandifunse za mapiriwo, kuno phiri lalitali ndi la zinyalala). Lachisanu ndinapita nayo kumashopu a ku Makoni kuti ndikaiveke. Kumeneko kuli mkulu wina wokonza njinga pansi pa lata, wa kwawo ku Mozambiki, wamano anayi koma wamalangizo osatha. Anaiyang'ana njingayo, kenako anandiyang'ana ine.

"Mudhara, yambani madigadi. Magetsi mudzagula tsiku lina."

"Madigadi? Mukundiona ngati wogulitsa makala ine?"

"Misewu yathuyi mukuidziwa. Mvura haiperi, madzi satha ngakhale m'chilimwe."

"Achikulire," ndinatero mokweza kuti onse amve, "madigadi anali pa njinga ya agogo anga yopitira kumgodi, pamodzi ndi belu ndi kaliyala. Iyi ndi njinga ya anthu ophunzira."

Mkuluyo sanalimbane nane. Anangopachika madigadi ake pamsomali n'kutulutsa magetsi. Ndinasankha lakutsogolo lowala mothobwa m'maso, ndi lina lofiira lophethira, loti umalipana pakolala kumbuyo kwa jekete kuti agalimoto akuone. (Ulendo wanga unali wa teni koloko m'mawa, dzuwa lili phwee. Zimenezi sizinandidutse m'mutu n'komwe.)

Loweruka ndinavala suti yanga yoyera ngati mkaka. Achemwali atandiona ndikutulutsa njinga anagwira m'chiuno.

"Achimwene, kwerani kombi ngati anthu anzanu."

"Sekuru, ndapota, siyai bhasikoro," anachonderera Tinashe kuti ine malume ake ndisiye njingayo. (Ana a masiku ano, iwe uwayankhule Chichewa, iwo akubwezera Chishona.)

Ndinawaseka onse awiri. Ine ndikapanikizane anthu anayi pampando umodzi wa kaminibasi, dengu la tomato la munthu wina lili pamwendo panga? Suti ikafike ili makwinyamakwinya ngati yotuluka m'kamwa mwa ng'ombe? Ndinapana getsi lofiira pakolala, kuliyatsa, ulendo.

Chapakati pa ulendo ndinapeza madzi atadula msewu. Mvula inali isanagwe kwa milungu ingapo, ndipo aliyense wa ku Chitungwiza akudziwa kuti madzi otuwa oterewa sachokera kumwamba, ndi a m'mapaipi a zimbudzi ophulika. Anthu ankawoloka podumpha pamiyala atagwira mphuno. Ine ndinawayang'ana mwachisoni anthu osauka opanda matayala onenepa, n'kupalasa mwamphamvu, kukweza miyendo m'mwamba, phwaa! Nditawoloka ndinayang'ana maondo ndi nsapato, zonse zili mbee. Kutsogolo kunalinso madzi ena kawiri, ndipo konseko ndinachita chimodzimodzi.

Anthu anayamba kundiloza. Kondakitala wa kombi ina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Mudhara, kumashure!" kutanthauza kumbuyo. Ine ndinati wachita kaso ndi getsi langa lofiira, ndipo ndinamukwezera dzanja ngati phungu.

Pakhomo paja anandilandira azakhali a mtsikanayo, mayi wamaso akuthwa. Mwambo ndinautsata bwinobwino. Ndinavula nsapato pakhomo, kulowa chowerama, kukhala pansi pamkeka n'kutsamira khoma, limene linkaoneka kuti alipaka penti yoyera sabata yomweyo chifukwa cha alendofe. Ndinaomba m'manja mwaulemu, kupereka moni m'Chishona chosalala, ndipo bambo a mtsikanayo anagwedeza mutu mokhutira.

Kenako kunabwera fungo. Linayamba pang'onopang'ono, kenako linadzaza balaza lonse. Mayi a mtsikanayo anakokera chitenje kumphuno. Bambo aja anadzuka n'kutsekula mawindo onse. Ine mumtima ndinayamba kuwanyoza. Ndinati taonani anthu awa, mipando yachikopa, wailesi yakanema yodzaza khoma, koma nyumba kununkha chonchi! Ndiye awa ndi amene amationa ife ngati otsalira?

Ndikanangokhala chete, mwina zikanatha bwino. Koma ndinaona kuti nkhoswe yanzeru iyenera kuwamasula eni nyumba ku manyazi awo.

"Musadandaule nazo, makolo," ndinatero mokoma mtima. "Ife sitinabwere kudzaona za fungo. Tikudziwa kuti kuno ku Unit L mapaipi amakuvutani. Kwathu ku Zengeza ziliko bwino pang'ono, mwana wanu akapumako."

Azakhali aja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayankhula mosakweza mawu.

"Baba, simukai. Tendeukai."

Ndinaimirira n'kutembenuka monga ananenera. Pakhoma pamene ndinatsamira panali chimzere chakuda chonyowa, chooneka bwino ngati chojambula dala. Ndinapotoza khosi n'kukoka jekete. Tayala lonenepa lakumbuyo lija linali litatunga madzi onse aja n'kundimwaza kuyambira pathako la buluku, kukwera msana wonse, mpaka m'tsitsi. Pamwamba pa zonsezo getsi lofiira linali likuphethirabe, kuitana aliyense kuti aone pamene pachitikira ngozi. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Bambo aja sanakalipe, ndipo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Anayankhula m'Chishona chapang'onopang'ono kuti ndisaphonye liwu ngakhale limodzi.

"Matope ndi ngozi, aliyense angagweremo. Koma munthu wodzapempha mwana wathu sayamba ndi kutiuza kuti timanunkha. Mukawauze kwanu atumize munthu wina."

Ndinabwerera ndikukankha njinga, jekete nditaipinda m'manja. Tinashe anali akudikira pageti ndi nkhope yachiyembekezo. Atamva nkhaniyo anakhala pansi pomwepo, osanena kanthu m'Chichewa kapena m'Chishona. Achemwali ndi amene anayankhulira onse, ndipo anayankhula mpaka aneba anatulutsa mipando.

Anatumiza mng'ono wanga uja. Anapita pa kombi, jekete lake lakale lili makwinyamakwinya, n'kukatsokomola kumeneko maulendo awiri mpaka anthu aja anafewa mtima. Ine ndinabwererako kamodzi kokha, nditanyamula ndowa ndi burashi, kukapaka khoma azakhali aja atandiimirira kumbuyo.

Madigadi ndinagula, koma ndinakagulira kutauni, chifukwa mkulu wa ku Makoni uja sindikanatha kumuyang'ana m'maso. Ndimanenabe kuti amanyansitsa njinga, ndipo pamenepo sindisintha. Ukwati unachitika, anthu anavina. Masiku ano Tinashe ndi mkazi wake akasemphana mawu m'nyumba, amadutsa pageti panga, kundipatsa moni mwaulemu wonse, n'kupitirira kwa mng'ono wanga.